Mfuti ya makutu imene ndinatola ku Joni

Chinayamba ndi chipewa. Tadala anabwera nacho kuchokera ku Lirangwe, kwa achemwali anga a Esinati, kumene anakakhala sabata ya holide. Chinali cha ulusi, chofiira, chofika mpaka m'khosi. Inali nyengo yozizira, ndiye tsiku loyamba sindinaganize kanthu. Tsiku lachiwiri dzuwa linatuluka bwinobwino, anzake avula majuzi akusewera fulaye pabwalo, iye ali khale pakhonde, chipewa chili kumutu, mutu wapendekera mbali imodzi ngati nkhuku ya chitopa. Phala anangolawa n'kukankhira mbale kwa mng'ono wake Pemphero.

Ine maso anga sachoka pa ana, anthu amandinena nazo, akuti ku Joni kunandipatsa mantha. Ndinamuitana kuti adzasambe. Anakana. Ndinagwira chipewa, iye n'kugwiranso ndi manja awiri, akuti amayi aakulu anena kuti ndi chinsinsi, ndisaone mpaka tsiku la ukwati. Loweruka lake kunali ukwati wa msuweni wathu, ndipo Tadala anali mmodzi wa atsikana owaza maluwa. Nditachikoka pang'onopang'ono, ulusi unali utamatira ku khutu lakumanzere, mwana n'kukuwa. Tadala salira chisawawa. Anakulira m'manja mwa anthu ena, anaphunzira kumeza misozi.

Khutu linali litatupa, lofiira, lotentha ngati mbatata yochoka pamoto. Ndolo inali italowa m'mnofu, kukungooneka kadontho kowala pakati pa mafinya. Ndinatembenuza khutu lina, labwinolo, kuti ndione kotsekera kumbuyo kwa ndolo. Sanamuboole ndi singano ndi ulusi monga anatiboolera ife. Ndolo yake inali yamtundu wina, ija yosongoka kunsonga imene imalowa ndi mphamvu. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinadziwa chimene chinaboola mwana wanga, chifukwa chinthucho chinafika ku Malawi ndi manja anga omwe.

Ndili mwana kwathu kuno kwa Kuntaja, ndege ikamatera pa Chileka tinkasiya makasu n'kumaibayibitsa. Ndinkauza anzanga kuti ine ndidzapita kunja pa imeneyo. Kunja ndinapitadi, koma pa basi, miyendo itapanikizika pakati pa matumba a anthu, masiku awiri osagona. Bambo a Tadala anatsogola, anapeza ntchito yosamala maluwa m'mayadi a anthu, kenaka anandiitana. Tadala anali ndi zaka ziwiri. Ndinamusiya ku Lirangwe ali mtulo masana, chifukwa achemwali anati akadzuka sindichoka. Ndinavula chitenje chimene ndinkamuberekera n'kumufunditsa kuti fungo langa limutsalire. Mpaka pa mlatho wa ku Tete mabere anga anali akutuluka mkaka, bulauzi yonse kunyowa, mayi amene ndinakhala naye pampando anangondipatsa mpango osandifunsa kanthu.

Anthu kuno amati Joni, koma ife tinali kutali ndi Joni weniweni, tauni ina ya kunyanja ya mchere, kumene mphepo imanunkha nsomba. Tinkakhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, mabanja atatu, katani ndiye khoma. Wina akatsokomola tonse tinkadziwa kuti ndi ndani. Koma ndikamakumbukira panopa sindiona kuthina kuja. Ndimaona Lamulungu masana, akazi tonse titakhala pa zigubu, tikulukana tsitsi, wina waphika thelere limene lachokera kwawo m'thumba, wina akuimba nyimbo ya kwaya ya ku Mdeka mosalakwitsa, ife n'kumalira kwinaku tikuseka. Tinkagawana chilichonse, sopo, mankhwala a mutu, ngakhale nsapato yopitira kokafunsira ntchito. Nsapato imeneyo inazungulira akazi anayi, aliyense akuika mapepala kunsonga molingana ndi phazi lake.

Ntchito anandipezera ndi sisi Rudo, mayi wa ku Zimbabwe amene ankakhala chipinda choyandikana nafe, wamtali, wa mpata m'mano, woseka ngati akukalipa. Anangondiuza kuti ndi saluni, akufuna wokolopa. Nditalowa tsiku loyamba ndinafuna kuthawa. Makoma onse zithunzi za njoka, mikango, zigaza za anthu. Kenaka kunatulukira mwini wake, a Deni, chimunthu chachikulu cha ndevu, thupi lonse lojambulidwa mpaka m'khosi, ndolo pamphuno, ina pansidze. Ine mwana wa mpingo, wa kwaya, ndinati basi ndalowa kwa asatana, magazi anga athera pano. Ndinayamba kupemphera chamumtima nditagwira mopu. Sisi Rudo anandiyang'ana n'kuphulika kuseka, akuti iwe Nyasa, monga ankatitchulira ife a ku Malawi, ameneyu amaopa mphemvu, ukufuna akudye bwanji.

Zinali zoona. Sindinaonepo munthu wosamba m'manja ngati a Deni, ngakhale anamwino. Asanagwire munthu kusamba, akavula magolovesi kusamba, foni ikalira amaisiya ilire mpaka itope. Pamenepo ankajambula anthu pathupi ndi makina a singano, ankaboola makutu, mphuno, michombo, ndipo sisi Rudo ankalemba azimayi nsidze zosafufutika, zija umasamba nazo osachoka. Ine ntchito yanga inali ukhondo. Poyamba ndinkaiona ngati misala ya anthu olemera. Singano yabwinobwino, yagwira ntchito kamodzi kokha, akuiponya m'chigubu chachikasu chokhala ndi kakamwa kakang'ono koti dzanja silingalowe. Inki yotsala m'kakapu, kutaya. Pepala loyala pabedi, kutaya. Tsiku lina ndinatsuka magolovesi n'kuyanika pawindo kuti ndiwathandize kusunga zinthu. Sisi Rudo anawachotsa ndi ndodo ya tsache ngati khoswe wakufa, n'kundikhazika pansi.

Anandiuza kuti magazi samaoneka onse. Alipo oti maso sawaona, ndipo m'menemo mumayenda kachilombo, mumayenda matenda a chiwindi amene amakhala chete zaka zambiri. Anati munthu aliyense wolowa pakhomo paja tizimutenga ngati akudwala, ndiponso ngati ndi mwana wathu. Mawu amenewo sanandichoke.

Anandiphunzitsa mphika. Tinkautcha choncho, koma anali makina a magetsi ophikira zitsulo ndi nthunzi yamphamvu. Zitsulo ndinkazitsuka kaye ndi burashi, kuziumitsa, kuziika m'timapepala tomata, ndipo kapepala kalikonse kanali ndi mzere umene umasintha mtundu zikapsa. Mzere ukapanda kusintha, kuyambiranso. Ine wa sitandade sikisi, ndinafika poti a Deni sankayang'ananso, ankangofunsa kuti Malawi, zapsa? Ine n'kuvomera ndi mutu. Kapepalako ankakang'amba kasitomala akuona. Ndimaukumbukira mphikawo ngati munthu, kulira kwake ukamatulutsa mpweya, kutentha kwake m'miyezi yozizira, ine ndi sisi Rudo titauyandikira tikudya buledi ndi tiyi, iye akundiuza za ana ake amene anawasiya kwa amayi ake, ine ndikumuonetsa chithunzi cha Tadala pafoni mpaka batire kutha.

Pakhoma pafupi ndi chitseko panali chiphaso m'galasi, cha ku khonsolo, chololeza ntchito imeneyi pamalo amenewo. Ndinkachipukuta m'mawa uliwonse. Ndipo panali pepala limene aliyense ankasaina asanakhudzidwe. Mwana wosakwana zaka sankamugwira popanda kholo. Ndimakumbuka kamtsikana kena ka sukulu kanabwera ndi azakhali ake kufuna ndolo yapamphuno, kanalira, azakhaliwo anakalipa, a Deni anangoloza chiphaso chija n'kunena kuti abwere mayi ake enieni. Ndinaganiza za kwathu, kumene mwana ndi wa aliyense, azakhali akhoza kumumeta, kumutema mphini, kumuboola, mayi ake n'kudzangothokoza. Ndinaseka ndekha tsiku limenelo. Sindinadziwe.

Pemphero anabadwira konko. Ndinkapita naye kuntchito kumsana, sisi Rudo anamukonzera katoni m'kachipinda ka tiyi, kutali ndi zitsulo, ndipo a Deni, chimunthu chija, ankayenda chonyang'ama akamadutsa pamenepo.

Tsiku limene anabwera mayi wa ku khonsolo ndinabisala m'chimbudzi. Masiku anga a m'pasipoti anali atatha kalekale, ndiye munthu aliyense wonyamula faelo kwa ine anali wodzandigwira. Ndinakhala mmenemo mwana ali kubere kuti asalire, mpaka sisi Rudo anagogoda, akuti tuluka Nyasa, ameneyu safuna mapepala ako, akufuna aone amene amatsuka sinki. Ndinatuluka. Anali mayi wamfupi wa magalasi, wosaseka. Anayang'ana pansi pa mabedi, anatsegula chigubu chachikasu, anawerenga timapepala ta mu mphika, anayendetsa chala kuseri kwa mpopi n'kuchiyang'ana. Kenaka anandiyang'ana ine n'kunena kuti wagwira bwino. Chibadwire changa munthu wa boma anali asanandiyamikirepo. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ngati ndakhoza mayeso.

Koma asanatuluke anatsegula kabati yapansi, n'kupeza kabokosi. Munali mfuti ya makutu. Sikuti mfuti yeniyeni, ndi kachipangizo kogwira m'dzanja, umaikamo ndolo, kuika khutu pakati, kukanikiza, thwa, ndolo yalowa. A Deni anati ndi yakalekale, anaigula asanaphunzire bwino, anasiya kuigwiritsa ntchito. Mayiyo anati ngakhale zili choncho isapezeke m'nyumba muno. Anatiitana tonse. Anati mtundu umenewu uli ndi pulasitiki, sungalowe mu mphika, ungasungunuke, ndipo kupukuta pamwamba sikufika m'kati. Anatenga kamtengo ka thonje, anakanyowetsa, anakalowetsa m'kampata kamene mumakhala ndolo, n'kukazunguza. Mfutiyo inkawala ngati yatsopano. Thonje linatuluka lofiirira.

Ndinaona ndi maso angawa. Sindinganame kuti sindinaone.

A Deni anaiponya m'bini yakuseri pamodzi ndi kabokosi kake ndi mapaketi a ndolo. Madzulo ntchito yotulutsa zinyalala inali yanga. Ndinatsegula bini, icho chili pamwamba, chikuwala, chathunthu, chosathyoka paliponse. Inu mukudziwa mmene tinakulira. Kwathu botolo la mafuta ophikira silitayidwa, thumba la shuga timachapa, ndowa ikabooka timadzalamo tomato. Dzanja langa linapita lokha. Mumtima ndinkati ndidzaiphika ndekha m'madzi otentha, ndikadzabwerera kumudzi ndidzatsegula kasaluni kanga pa Chileka, ndi chiphaso changa m'galasi, ndipo iyi ndidzangoyambira. Ndinaikulunga m'thewera la Pemphero. Sisi Rudo sindinamuuze, ndipo chimenecho chokha chikanandidziwitsa kuti ndikulakwa, chifukwa ndinkamuuza zonse.

Mwezi womwewo tinatumiza katundu kumudzi ndi anthu a mathiraki aja amanyamula za anthu a ku Joni. Mabulangete awiri, nsapato za Tadala zimene ndinayeza ndi kachingwe kamene achemwali ananditumizira, mapoto, juzi ya alamu. Kabokosi ndinakaika pakati pa bulangete. Pafoni ndinangoti muli kabokosi kanga mmenemo, mundisungire. Sindinanene kuti musatsegule. Sindinanene kumene ndinakatenga. Ndinachita manyazi kunena kuti m'bini.

Kenaka zinthu zinavuta. Kunayamba kuyenda magulu ofunsa alendo mapepala, a Deni anachita mantha ndi chiphaso chawo, anandiitana ali ndi misozi m'maso, chimunthu chonse chija, n'kundiuza kuti ntchito yatha. Bambo a Tadala anati iwo atsala apirire, ine ndi khanda tibwerere. Sisi Rudo anandiperekeza kokwerera basi, anandipatsa bokosi la magolovesi ndi botolo la sipiriti, akuti ukakatsegula saluni yako ukanditumizire chithunzi cha sinki. Anandikumbatira mpaka Pemphero analira pakati pathu. Mpaka lero ndikamva fungo la sipiriti ndimamuona.

Nditafika ku Lirangwe, Tadala anabisala kuseri kwa achemwali. Anandipatsa moni wogwada, akuti muli bwanji anti. Ndinamwetulira, ndinakalirira kubafa. Achemwali nawo ndinawapeza ena. Ndinawasiya ali munthu wa kumunda, wofatsa, wa chitenje chimodzi. Tsopano anali ndi mesh kumutu, milomo yofiira, foni ikulira pafupipafupi, anthu panjira akuwaitana kuti anti a ndolo. Alamu ntchito yawo ya ulonda inali itatha kale, koma pakhomo panali pa mwanaalirenji, ana onenepa, Tadala wanga wosalala. Ndinafunsa kuti geni yake ndi yanji, anati timagulitsa ndolo ndi zodzola pa tsiku la msika. Za kabokosi ndinafunsa kamodzi, anati kali bwino, kali m'sutikesi. Ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Ndinatenga mwana wanga n'kubwerera kwa Kuntaja, ndipo zinanditengera miyezi kuti anditchule amayi.

Ndiye tsiku lija la chipewa, nditadzuka pansi paja, ndinabereka Pemphero, ndinaimitsa kabaza, Tadala pakati, mpaka kuchipatala chaching'ono. Njira yonse dzanja langa lili pachipumi chake. Anamwino anachita kung'amba pang'ono kuti ndolo ituluke, mwana akundiluma dzanja. Anamupatsa mankhwala akumwa ndi opaka. Atandifunsa chimene anamuboolera, ndinafotokoza zonse, za pulasitiki, za thonje, za mphika, mpaka anasiya kulemba n'kundiyang'ana, akuti mayi, inu mukuzidziwa bwanji zimenezi. Tadala anamutenga magazi, anati lero zili bwino, koma zina sizioneka msanga, mubwerenso pakatha miyezi itatu.

Tili panjira yobwerera, Tadala anandiuza kuti ndisakwiyire amayi aakulu. Anati tsiku lomwelo anaboola atsikana asanu ndi mmodzi a ukwati, onse pamzere, iye anali womaliza ndipo sanalire. Anati Lachisanu tikapita kokonzekera ukwati adzaboolanso Pemphero, chifukwa anthu amamuyesa mwamuna.

Sindinadikire Lachisanu. M'mawa mwake linali tsiku la msika ku Lirangwe. Ndinasiya Tadala kwa aneba, ndinakwera minibasi, Pemphero kumsana nditamumanga ndi zitenje ziwiri ngati wina akufuna kundilanda.

Achemwali ndinawapeza pakhonde la golosale ina, atayala nsalu patebulo, ndolo zili mbwee, kagalasi kali poteropo. Pabenchi panali azimayi atatu, wina ndi khanda. Ndinaima kuseri kwa ogulitsa kaunjika n'kumayang'ana. Anaboola mtsikana wina, thwa, kadontho ka magazi, anapukuta khutu ndi kansalu, kansalu komweko n'kupukutira mfuti, n'kuitana wotsatira. Manja opanda kanthu. Sinki kulibe, madzi kulibe, pakhoma palibe pepala lililonse koma chithunzi cha sopo. Ndipo ankagwira bwino, mwaulemu, akuseka ndi anthu, akunyengerera mwana ndi switi. Sanali munthu woipa. Anali mchemwali wanga amene akuchita zimene palibe anamuuzapo kuti n'zoopsa, ndipo woyenera kumuuza ndinali ine.

Ndinapita n'kuwanong'oneza kuti kunyumba kuli nkhani, Tadala wadwala. Analongedza nthawi yomweyo, anauza anthu kuti abwere sabata yamawa.

Titalowa m'nyumba ndinatseka chitseko. Ndinawauza za khutu. Anadandaula kwambiri, koma anati ndi magazi a mwana, ena amatupa, apake mafuta a nyale chitha. Anati ife anatiboola ndi singano yosokera matumba, n'kutiika kachitsotso ka tsache, tinafa? Agogo athu anabwera ndi mphini nkhope yonse kuchokera ku Mozambiki, lezala limodzi mudzi wonse, anafa ndi ukalamba. Ndinati nthawi imeneyo matenda ena kunalibe. Ndinatulutsa thonje ndi sipiriti wa sisi Rudo, ndinakulunga thonje kumutu kwa kamtengo ka machesi, ndinapempha mfuti. Anandipatsa akuseka. Ndinalowetsa m'kampata kaja n'kuzunguza monga anachitira mayi wa magalasi. Ili silinatuluke lofiirira. Linatuluka lakuda, ndi tinthu tomata.

Anasiya kuseka. Anayang'ana thonje, anayang'ana ine.

“Koma iwe, si iwe unaitumiza? Si ya ku Joni imeneyi, ya azungu?”

“Ndi ine, achemwali. Koma anaitaya. A boma anailetsa. Ine ndinaitola m'bini.”

Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Sanakuwe. Anakhala pampando pang'onopang'ono, n'kuyamba kuvula ndolo zawo zomwe, kaya chifukwa chiyani.

“M'bini,” anatero. “Ine kukulerera mwana zaka zonsezi, kumutafunira chakudya, kugona naye m'chipatala malungo atamugwira, iwe n'kunditumizira za m'bini, osandiuza? Ana a anthu onse aja, make Tadala. Ana a kumpingo. Ana anga omwe, a Yankho. Ndikawauza chiyani amayi awo?”

Ndinagwada pansi mwana ali kumsana. Ndinati ndalakwa ndine, tipite limodzi kwa amayi a atsikana a ukwati aja, ndikalankhula ndine, ndikanena kuti chinthucho n'changa, akawayezetse. Ndinati ndikuphunzitsani zimene ndinaphunzira, tikafunse kwa a zaumoyo mmene anthu amachitira kuti aloledwe, ndolo muzigulitsabe, kuboola kokha kuime. Achemwali anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, anatenga mfuti ija patebulo, anaibwezera m'kabokosi. Anati amva, koma pakhomo pano timadyera kabokosi kameneka, alamu ako ali pa ulova. Anati aziiwiritsa m'madzi otentha madzulo aliwonse, ndipo akangomaliza anthu amene analonjeza kale, ndi a ukwati otsala, asiya.

Ndinawadziwa mawu amenewo. Ndi omwe aja ndinadziuza ine nditaima pa bini. Ndidzaiphika, ndidzangoyambira.

Pemphero anali atadzuka, akusewera ndi khutu langa kumsanako, tizala take tofunda. Achemwali anaika kabokosi pamwamba pa kabati, anati adikire kaye akatenge madzi andiphikire tiyi, pakuti ngakhale titakangana sangandisiye ndibwerere ndi njala. Ndi mmene alili. Ndinamva ndowa ikulira, ndinamva mapazi awo akulowera ku mjigo.

Zimene zinatsatira sindinyadira nazo, koma ndikanachitanso. Ukwati unachitika, Tadala anawaza maluwa ali ndi pulasitala kukhutu, achemwali anakhala mbali ina ya tchalitchi osandiyang'ana. Kwa amayi a atsikana aja ndinapita ndekha, khomo ndi khomo, ena anandithokoza, wina ananditukwana mpaka pamsewu. Alamu anatumiza mawu oti ndisapondenso pakhomo pawo. Tadala amandifunsa kuti tipita liti kwa amayi aakulu, ndimati posachedwa. Miyezi itatu ija sinakwane, ndadula timizere pakhoma kuseri kwa chitseko, ndipo m'mawa uliwonse ndimamuyang'ana m'maso ngati muli chikasu. Pemphero anthu akumufunsabe ngati ndi mwamuna. Ndimati ndi mkazi, adzaboola yekha akadzakula, pamalo pamene adzang'ambe kapepala iye akuona.

Tsiku lija, mapazi a achemwali atangozimirira, ndinakwera pampando n'kutsitsa kabokosi. Ndinatuluka nako kuseri, kuchimbudzi. Ndinafika pakhomo pake, ndinatsegula, dzanja lili kale pamwamba pa dzenje, n'kuima. Ndinabwerera. Pambali pa khola la nkhuku panali mwala uja amaswerapo mtedza. Ndinaika mfuti pamenepo, ndinatenga mwala wina, ndinamenya. Pulasitiki inathetheka, kasipuling'i kanadumpha, ndinakafunafuna m'fumbi mpaka ndinakapeza. Ndinamenyanso, ndinamenyanso, Pemphero akulira kumsana, mpaka panalibe chidutswa choti munthu angachizindikire. Ndinawola zonse ndi pepala, ndi fumbi lomwe, ndinakathira m'dzenje, ndinasamba m'manja ndi sipiriti wa sisi Rudo mpaka m'zigongono.

A Deni anaitaya yathunthu. Chinthu chathunthu chikatayidwa wina amatola. Ndikudziwa, ndinatolapo ine.